Fayilo ya masatifiketi silowetsa munthu ku Harvard

Mwana wa achemwali anga anafika kunyumba Loweruka lina masana atakolekera fayilo yonenepa m'khwapa. Amawerengera ndalama pa kampani ina yogula soya ndi nandolo kwa alimi, ndipo wakhalapo zaka zisanu. Asanamalize n'komwe kupereka moni anati, "Amalume, ndikufuna MBA yakunja, ya kusukulu zenizeni zija. Tandithandizeni kusanja izi." MBA ndi digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi. Anakhuthula zonse patebulo: digiri, mapepala a ACCA a ukadaulo wowerengera ndalama, ndi mulu wa masatifiketi a maphunziro a masiku atatu atatu a kunyanja aja, ena okongoletsedwa ndi golide m'mbali. Pamwamba penipeni anaikapo chomwe ankachinyadira kwambiri, kalata ya umboni yosainidwa ndi bwana wamkulu wa kampani yonse. Inali ya mizere isanu ndi umodzi. Inkati mtsikanayu ndi wolimbikira ntchito, waulemu, woopa Mulungu, ndipo kampani ilibe chomukayikira.

Ndinamufunsa kuti bwanayo anayankhulana naye kangati chilembedwere ntchito. Anaseka. Kawiri: tsiku loyamba, ndi pa phwando la Khirisimasi.

Vuto la mwanayu tili nalo ambiri, ndipo si lake yekha kuti timudzudzule. Tinakula tikudziwa kuti malo a sukulu ndi mphotho. Wakhoza bwino Sitandade 8, dzina lituluke pa mndandanda wa sekondale ya boma. Wapeza mapointi ochepa pa MSCE, upite kuyunivesite. Ndiye timaganiza kuti sukulu zotchuka za bizinesi monga Harvard, Stanford, Wharton, INSEAD ndi London Business School nazonso zimandandalika anthu kuyambira wanzeru kwambiri n'kudula mzere pomwe malo athera. Sizitero. Osankha ophunzira kumeneko amagwira ntchito ngati kochi wosankha timu. Akamawerenga za munthu amadzifunsa kuti tikamukhazika m'kalasi uyu, anzake aphunzira chiyani kwa iye, nanga akachoka pano akatichitira ulemu kapena akatichititsa manyazi? Ukamvetsa zimenezi, zonse zomwe amafunsa pa fomu zimayamba kumveka.

Tiyambe taona mmene amaphunzirira. Ku Harvard Business School, yomwe inayamba mu 1908 ndipo ili ku Boston, kalasi ya chaka chimodzi imakhala ndi anthu opitirira pang'ono 900. Amawagawa m'magulu a anthu pafupifupi 90, ndipo gulu lililonse limaphunzira limodzi chaka chonse choyamba, m'chipinda cha mipando yokhota moyang'anizana ngati pabwalo la milandu kwa amfumu. Mphunzitsi sabwera ndi manotsi oti mukopere. Usiku mumawerenga nkhani ya kampani yeniyeni yomwe inafika pamphambano, m'mawa mphunzitsi amangoloza mmodzi mosamuchenjeza: iwe ukanakhala bwana pamenepa, ukanatani? Akayankha, anzake amamutsutsa, ena amamuikira kumbuyo, mpaka mphindi 80 zitha. Pa zaka ziwiri nkhani zotere zimafika pafupifupi 500, ndipo m'maphunziro ambiri theka la malikisi limachokera pa zomwe munthu wayankhula m'kalasi.

M'chipinda chotere, wanzeru wongokhala duu wadya malo pachabe. Wolongolola koma wosagwirapo ntchito iliyonse ndiye woipiratu, chifukwa akudya nthawi ya anzake 89. N'chifukwa chake otengedwa ku sukulu zimenezi amakhala atagwirapo ntchito zaka pafupifupi zisanu. Ngakhale njira ija yomwe Harvard inatsegulira ophunzira omwe akumaliza kumene digiri yoyamba, yotchedwa 2+2, imangokusungira malo. Umayenera kukagwira kaye ntchito zaka zosachepera ziwiri usanalowe m'kalasi.

Ndisanamveke ngati ndikuti malikisi alibe ntchito, ndinene za mayeso. GMAT, mayeso olowera ku sukulu za bizinesi, ilipo ndipo imaluma. Kuyambira mu Novembala 2023 mayesowa anasintha: tsopano ali ndi magawo atatu a mphindi 45 lililonse, la masamu, la kumvetsa ndi kusanthula Chingerezi cholembedwa, ndi la kutanthauzira matebulo ndi magrafu. Malikisi amayambira pa 205 kukafika pa 805. Pa mayeso akale a 200 mpaka 800, otengedwa ku Harvard, Stanford ndi Wharton ankapeza cha m'ma 730, ndipo eni mayesowa amati 645 ya tsopano ikufanana ndi 700 yakale. Kompyuta imakupatsa funso lovutirapo ukakhoza, lophwekerapo ukalakwa, ndipo pa gawo la masamu salola kalikuleta. Mwana wa achemwali angayu atamva zimenezi anati ndee, pakuti zaka zisanu za Excel zinali zitamuiwalitsa kugawa nambala pamanja. Sukulu zambiri zimalandiranso mayeso ena otchedwa GRE m'malo mwake, ndipo zotsatira zimagwira ntchito zaka zisanu.

Kwa munthu wochokera kuno mayesowa ndi bwenzi, ngakhale saoneka choncho. Wowerenga mafomu ku California sadziwa kuti kupeza distinction ku Chancellor College kapena ku Polytechnic yakale, yomwe pano ndi MUBAS, kumafuna thukuta lochuluka bwanji. Akaona 68 pa pepala lako akhoza kuganiza kuti unali wapakatikati. GMAT ndi sikelo imodzi yomwe wa ku Zomba, wa ku Mumbai ndi wa ku New York amakwerapo mofanana. Koma ntchito yake imathera pachipata. Imangotsimikiza kuti sudzamira pa phunziro la zachuma. Ku Stanford, komwe kalasi imakhala ya anthu opitirira pang'ono 400 ndipo mwa ofunsira 100 osakwana 10 ndiwo amatengedwa, ambiri mwa okanidwa nawonso amakhala ndi malikisi abwino. Mlandu umagamulidwa kwina.

Mawu omwe sukulu zonsezi zimawabwereza ndi utsogoleri, ndipo apa m'pomwe timasocherera kwambiri. Kwathu mtsogoleri ndi amene ali ndi mpando, galimoto ya kampani ndi dzina pachitseko. Iwo akati utsogoleri akutanthauza chinthu chomwe chinasintha chifukwa iwe unalipo, makamaka pomwe unalibe mphamvu yolamula aliyense. MIT Sloan, sukulu inanso ya bizinesi ya ku America, imapempha ofunsira kuti ajambule ndondomeko ya maudindo pa kampani yawo, kusonyeza yemwe ali pamwamba pawo ndi omwe ali pansi pawo. Akakuona uli pansi pa mabwana anayi koma nkhani yako ikusonyeza kuti unasuntha kampani yonse, amatchera khutu.

Ndinakankhira masatifiketi pambali n'kumufunsa mwana uja kuti pa zaka zisanuzi n'chiyani chinamusowetsa tulo. Anayamba ndi kukana, ati palibe, ntchito chabe. Nditamukakamiza anafotokoza. Alimi ogulitsa mbewu pa madepoti a kampani ankadikira masabata angapo asanalandire ndalama zawo, ndiye ambiri ankangogulitsa kwa mavenda a sikelo zobera chifukwa mavenda amalipira pompopompo. Aliyense pakampani ankati alimi ndi osakhulupirika. Iye anatsata pepala limodzi la malipiro kuchoka ku depoti mpaka kulikulu, n'kupeza kuti limadikira siginecha za anthu atatu, mmodzi mwa iwo wokhala paulendo nthawi zambiri. Anapempha kuti pa depoti imodzi yokha ayese kulipira alimi pafoni. Anamukaniza kawiri, kachitatu anamulola monyinyirika.

Mwezi woyamba zinavuta. Amayi ambiri olima soya analembetsa manambala a mafoni a amuna awo, ndalama zinalowa, ndipo zina zinathera pamalo omwera amayiwo asanadziwe n'komwe kuti zafika. Anabwera gulu ku depoti kudzakuwa kuti kampani yawabera. Bwana wake wapafupi, mayi woyang'anira madepoti, anamukalipira pamaso pa anthu kuti wakonza zinthu ali pa kompyuta osafunsa eni ake. Mtsikanayu anakwera minibasi, anakagona kudera komweko masiku angapo, anakhala pansi ndi amayiwo ndi atsogoleri a makalabu awo, n'kukonza zoti ndalama zizipita pa nambala yolembetsedwa m'dzina la wogulitsa. Nyengo yotsatira madepoti ena anatengera njira yomweyo.

Zonsezi munalibe m'fayilo muja. Pa CV analemba kuti ankathandiza pa nkhani za malipiro a alimi. Nditamufunsa chifukwa chake anati, "Amalume, si kudzitama kumeneko? Komanso tinachita tonse."

Kudzichepetsa kwathuku ndi kwabwino pamaliro ndi paukwati, koma pa fomu iyi kumapha. Wowerenga ali ndi mafomu ambirimbiri patsogolo pake, ndipo sangalote kuti m'mawu oti "tinachita" muli munthu mmodzi amene anatsata pepala lija. Akufuna kudziwa chomwe iwe unaona, chomwe unaganiza, yemwe unamunyengerera, ndi pomwe unalakwitsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kunena kuti "ndinachita" pa chinthu chomwe unachitadi, n'kutchulanso omwe anakuthandiza, ndi umboni chabe, ngati womwe umaperekedwa m'khoti.

Za kalata ya bwana wamkulu ija, ndinamuuza kuti aisunge ngati chikumbutso. Sukulu zambiri zikuluzikulu zimafunsa wolemba umboni mafunso awiri ofanana. Loyamba: munthuyu mukamuyerekeza ndi anzake aluso ogwira ntchito yofanana ndi yake, ali pati, ndipo perekani zitsanzo. Lachiwiri: fotokozani chidzudzulo chachikulu chomwe munamupatsapo, mmene zinakhalira, ndi mmene iye anachilandirira. Bwana amene unakumana naye kawiri ayankha chiyani pamenepa? Woyenera kulemba ndi mayi uja anamukalipira pa depoti, chifukwa ndiye anaona kulakwa kwake ndi kudzuka kwake. Mpando wa wolembayo suwonjezera kanthu. Nduna yomwe imadziwa bambo ako singapose supavaiza amene amakuona tsiku ndi tsiku.

Pali chizolowezi china chomwe tiyenera kuchitchula poyera. Mabwana ambiri kuno ukawapempha kalata amati, "Lemba wekha, ine ndingosaina." Sukulu zimenezi zimaletsa zimenezo, ndipo ngakhale zikanapanda kuletsa, kalata yolembedwa ndi mwini wake imadziwika. Mawu ake amafanana ndi a m'chimangirizo chake, ndipo pofika pa funso la chidzudzulo amalemba kuti vuto lake ndi kulimbikira ntchito mopitirira muyeso. Komanso mabwana athu amaopa kulemba chofooka cha munthu, amaona ngati akumutchera msampha. Wofunsira ali ndi ntchito yokhala nawo pansi n'kuwafotokozera kuti kumeneko kalata yoyamikira yokhayokha imaoneka yachabe.

Kenako pali zimangirizo. Stanford yakhala ikufunsa funso limodzi kwa zaka zambiri: n'chiyani chomwe umachiona chofunika koposa pa moyo wako, ndipo chifukwa chiyani? Pamenepa ofunsira a ku Africa amagwa m'dzenje lina, losiyana ndi la manyazi lija. Amagulitsa umphawi. Ndinkayenda opanda nsapato, ndinkawerengera koloboyi, ndikufuna kudzatukula dziko langa. Mwina zonsezo ndi zoona, ndipo palibe choipa kutchula komwe unachokera. Koma kuvutika ndi chomwe chinakuchitikira, pomwe iwo akufuna chomwe iwe unachita nacho. Ndiponso ndimaona ngati n'kudzitsitsa kuti munthu amene wakonza malipiro a alimi a boma lonse adzionetse ngati mwana wopemphetsa pakhomo la azungu. Mwana wa achemwali angayu anakulira m'tauni, sukulu ankapita pagalimoto. Akanalemba za koloboyi likanakhala bodza, ndipo bodza limagwidwa pa intavyu.

Intavyu yakenso ili ndi misampha yake. Ku Wharton, sukulu ya University of Pennsylvania yomwe inayamba mu 1881, amaika ofunsira asanu kapena asanu ndi mmodzi pamodzi, n'kuwapatsa mphindi 35 kuti agwirizane pa mfundo imodzi, oyesa akungoonerera. Wofuna kuwala yekha, wodula anzake mawu, amadzichotsa yekha. Amene amamvetsera, n'kuitana mnzake wangokhala chete uja, n'kuluka maganizo a onse kukhala chinthu chimodzi, ameneyo ndiye amakumbukika. Aliyense amene anatsogolerapo komiti ya ukwati kapena banki m'khonde luso limeneli ali nalo kale. Ku Harvard intavyu ndi ya mphindi 30, wofunsa amakhala atawerenga fomu yako yonse, ndipo ukatuluka uli ndi maola 24 oti ulembe maganizo ako pa mmene zayendera. INSEAD, ya ku Fontainebleau ku France, yomwe MBA yake ndi ya miyezi 10 yokha, imakutumiza kwa anthu omwe anaphunzirapo kale kumeneko, ndipo funso lomwe lili m'mutu mwawo ndi losavuta kulilota: kodi uyu ndikanakonda kukhala naye pa gulu limodzi mpaka pakati pa usiku?

Wina anena kuti zonsezi n'zokometsera chabe, malo amenewa ndi a ana a anthu olemera. Sindimutsutsa kotheratu. Gawo lalikulu la kalasi iliyonse limachokera ku makampani a uphungu monga McKinsey, Bain ndi BCG, ku mabanki akuluakulu ndi ku makampani a tekinoloje, komwe wachinyamata amakhala atazunguliridwa ndi mabwana omwe anadutsa sukulu zomwezo ndipo akudziwa kalembedwe ka kalata. Ena amalemba ganyu alangizi pa madola masauzande kuti awasalazire zimangirizo. Kulemba GMAT kamodzi ndi madola pafupifupi 300, fomu ya sukulu imodzi ndi madola opitirira 200, ndipo wa kuno ayenera kuyamba wawapeza madolawo m'dziko lomwe ndalama zakunja zimasowa ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndiponso sukuluzi si mabungwe achifundo. Mndandanda wa sukulu zabwino womwe nyuzipepala ya Financial Times imatulutsa, womwe zimaulimbirana, umayang'ana kwambiri malipiro a ophunzira patatha zaka zitatu atamaliza. N'chifukwa chake zimafunsa mwatsatanetsatane kuti ukamaliza ukagwira ntchito yanji, kuti, ndipo chifukwa chiyani ukuganiza kuti akakutenga. Woyankha kuti akufuna kusintha Africa sanayankhe. Woyankha kuti akufuna kukagwira kaye ntchito ku kampani yogula mbewu m'maiko angapo kuti adzathe kuyendetsa yake, n'kusonyeza kuti wafufuza njira yake, wayankha.

Ndikuvomera kuti bwaloli ndi lopendekera. Chomwe ndikukana ndi choti tizilipendeketsa tokha pobisa chomwe tili nacho. Kochi amene ali kale ndi osewera kutsogolo khumi safunanso wina wotero. Anyamata a ku McKinsey ndi ambiri moti amapikisana okhaokha. Munthu amene anayendetsapo fakitale magetsi akuzima maola ambiri patsiku, amene anaitanitsapo katundu kunja banki ikumuuza kuti adikire madola, amene akudziwa chifukwa chomwe mayi wa soya sanalandire ndalama zake, ameneyo sapezeka kawirikawiri m'chipinda cha anthu 90 chija. Tsiku lomwe kalasi ikukambirana za kampani yomwe inalephera kulipira makasitomala pafoni m'dziko lina losauka, iye yekha ndiye angakweze dzanja n'kunena kuti funsani kaye kuti foniyo ndi ya ndani m'banjamo. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Pasipoti ya Malawi kapena ya Zambia payokha silowetsa munthu, koma kalumoko kakaonekera pa fomu, kali ndi mtengo.

Ndalama za sukulu ndi phiri lina, ndipo sindilichepetsa. Ku Harvard fizi yokha imapitirira madola 70,000 pachaka, ndipo ukaphatikiza nyumba, chakudya ndi inshulansi zimadutsa madola 110,000. Koma posankha ophunzira sayang'ana m'thumba, ndipo thandizo amapereka molingana ndi kusowa kwa munthu. Mu 2022 analengeza kuti ophunzira 10 mwa 100 alionse, omwe ali osowa kwambiri, azilipiriridwa fizi yonse. Ku Stanford kuli thandizo la Knight-Hennessy Scholars, ku Saïd Business School ya ku Oxford kunakhazikitsidwa thandizo la Skoll la anthu omwe anayambitsa ntchito zothetsa mavuto a anthu. Zonsezi n'zolimbirana, ndipo zimafunanso nkhani ya mtundu womwe ndafotokozawu.

Komanso si aliyense wofunika kupita kutali chonchi. Ngati cholinga chako ndi kukwezedwa pantchito ku Blantyre kapena ku Lusaka, ngongole ya madola ingakumange unyolo zaka zambiri pamene MBA ya sukulu za m'chigawo chino cha Africa, monga ya ESAMI, ya MUBAS, kapena ya GIBS ku Johannesburg ndi ya University of Cape Town ikanakufikitsa komweko. Ndinamuuza zimenezi mwana uja mosabisa. Anamvetsera mwaulemu n'kunena kuti iye akufuna ayese kaye kumtunda, akalephera aone zina. Magazi a amayi ake, sindinalimbane naye.

Mafomu a gawo loyamba amatsekedwa mu Seputembala, a gawo lachiwiri mu Januwale. Tinagwirizana kuti ayambe ndi masamu a pamanja m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, CV aidule ikhale tsamba limodzi, ndipo akagogode kwa mayi wa madepoti uja. Chachitatuchi ndiye chinamuopsa kuposa GMAT.

Patapita masabata awiri anandiimbira foni usiku. Ati mayiyo anawerenga mafunso awiri aja kawiri, anavula magalasi, n'kumufunsa kuti, "Ndiye ukufuna ndilembedi za tsiku ndinakukalipira lija?" Iye anayankha kuti inde, ndi za amayi okuwa aja zomwe. Mayiyo anati amupatse sabata imodzi, ndipo asayerekeze kumupempha kuti aione kalatayo.

Fayilo ija ikadali pamwamba pa kabati yanga. Sanabwere kudzaitenga.